Mipando Yobwereka ya a Babu

Tiyi wa Lamulungu masana anali atangothiridwa m'makapu pamene a Babu anakhosomola kawiri. M'nyumba imeneyi aliyense ankadziwa kuti bambowa akakhosomola kamodzi ndi chifuwa chabe, koma akakhosomola kawiri ndiye kuti pali nkhani. Akazi awo anaika ketulo patebulo n'kupinda manja. Mlamu wawo, mlongo wake wa mayiwo, amene anabwera kudzacheza zaka zapitazo n'kuiwala njira yobwerera kwawo, anapitiriza kupaka majarini pa buledi.

Dzina loti Babu anawapatsa ndi anzawo. Ena ankati n'chifukwa cha ntchito yawo ya zamagetsi, ena ankati n'chifukwa cha dazi lawo, limene likatuluka thukuta linkawala mokwanira kuwerengera nyuzipepala. Eni ake sankatsutsa mbali iliyonse. Anali munthu wa mawu ochepa.

Ankagwira ntchito pa nyumba ina yaikulu ya boma, koma pa kontrakiti yomangosainira chaka ndi chaka. Pamwamba penipeni pa nyumbayo panali chipinda chosungiramo mapepala achinsinsi, ndipo munthu sankalowamo popanda chilolezo chapadera, chimene boma limapereka likamufufuza munthuyo mpaka kuseri kwa makutu. Wamagetsi amene anali ndi chilolezocho anapuma pantchito. Kuyambira pamenepo babu la m'chipindamo linkangoti phethiphethi tsiku lonse, mpaka kalaliki wa mmenemo anayamba kuphethira nalo limodzi ngakhale ali kunyumba kwake. A Babu ankaima pakhomo, kunja kwa mzere wofiira wojambulidwa pansi, n'kumafuula kuti, "Potozerani kumanzere!" Kalaliki, ali pampando njenjenje, ankafunsa kuti, "Kumanzere kwanga kapena kwa babu?" Kenako ankatsika osalikhudza n'komwe, chifukwa magetsi ankawaopa ngati njoka.

Tsono akuluakulu anati a Babu apemphe chilolezo chija. Akachipeza, ntchito ikhala yokhazikika, ya penshoni. Akachiphonya, alemba wina, ndipo kontrakiti yawo ithera kumapeto kwa mwezi womwewu.

"Mawa m'mawa kubwera munthu," anatero a Babu. "Wofufuza uja."

"Adzafufuza chiyani muno?" anafunsa akazi awo. "Kunsi kwa bedi ndinasesa dzana."

"Za ngongole."

Mpeni wa majarini unaima m'mwamba. Mlamu anayang'ana kudenga ngati waona nyenyezi masana.

Ngongole inalipodi, ndipo siinali yobisika. Mlamuyu analota zoweta nkhuku, nafuna makina oswetsera mazira. Poti analibe ntchito, kampani yobwereketsa ndalama inamukana, ndiye a Babu, pofuna mtendere wa m'banja, anasaina m'dzina lawo. Anagwirizana kuti mwezi uliwonse azilipira theka, mlamu theka. Makinawo anabwera, bokosi lalikulu loyera la chitseko cha galasi. Pa mazira onse amene anaikamo, linaswa limodzi lokha. Kamwanapiye kameneko kanakula n'kukhala tambala wamwano, ndipo mayi a m'nyumba anamutcha Chiwongoladzanja, poti pa bizinesi yonseyo ndi iye yekha amene ankakula. Theka la mlamu linasiya kuoneka, moti tsopano ngongole inali itatsalira miyezi iwiri. Zonsezi a Babu anazinena poyera tsiku limene ankapempha chilolezo.

"Koma abambo," anatero akazi awo, "boma ngongole yathu ikulipweteka pati? Kodi ndi iwo anagula chibokosicho?"

"Amati munthu wa ngongole ali ndi chingwe m'khosi. Mwini chingwe akhoza kubwera n'kukunong'oneza kuti, 'Iwe, ukamasintha babu utisuzumirireko m'kabati muja, ngongole ija tiiwale.'"

"Inu mungasuzumire chiyani? Magalasi anu munawakhalira chaka chatha."

"Iwo sakudziwa zimenezo."

Mlamu anaona kuti nkhani ikukwawira kumene iye wakhala, ndipo nkhani yotere imafunika kuipatutsa isanakufike pamwendo. Anaika mpeni pansi.

"Alamu, ngati vuto ndi zingwe, ndiye muno muli zingwe zambiri kuposa m'khola la mbuzi. Inu mukuona chimodzi chokha. Mpando mwakhalirawo ndi wa ndani?"

A Babu anasuzumira pakati pa miyendo yawo. "Wa a Telala."

"Nanga umene akhalira achemwaliwo? Nanga wangawu? Tebulo ili? Ketulo iyo? Tsono a Telala atabwera mawa n'kuti, 'Mwakhalira mipando yanga mpaka yatenga maonekedwe anu, tandiuzeni za m'kabati,' mungakane bwanji? Kampani ili kutali, alamu. A Telala ali apa, amakuonani mukamatsuka mkamwa."

Panja Chiwongoladzanja analira nthawi yosayenera, monga mwa chizolowezi chake.

Zoona zake n'zakuti pa msewu umenewu anthu ankakhala mwa kubwerekana. Chinthu chobwereka sichinkabwezedwa msanga, chifukwa kubweza msanga kunali ngati kunena kuti tisaonanenso. Mwini chinthu akachifuna ankapita kukachibwereka kwa amene anamubwerekayo, n'kudzachibwezanso madzulo ndi zikomo pamwamba. Mipando inayi ya a Telala inalowa m'nyumba ya a Babu tsiku lina kutabwera alendo, ndipo alendowo anachoka, ena anakwatira, ena anabereka, mipando ili pomwepo.

"Mwina akunena zoona," anatero a Babu pang'onopang'ono. Mantha akamugwira munthu, ngakhale nzeru ya mlamu imaoneka ngati nzeru.

"Ndiye tibweze?" anafunsa akazi awo.

"Tibweze zonse. Wofufuza apeze nyumba yopanda chingwe. Koma tamverani. Kuntchito anati za kufufuzazi tisalengeze. Aliyense akafunsa chifukwa chake, pakamwa tseke."

Anamaliza tiyi ali chiimire, poti mlamu anali atayamba kale kusanjikiza mipando.

A Babu anasenza iwiri, mlamu iwiri, n'kuwoloka msewu. A Telala anali pakhonde, tepi ili m'khosi, akupalasa mashini awo. Ataona mipando ikubwera anasiya kupalasa, navula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Achimwene, kwagwanji?"

"Palibe. Tabweza mipando yanu. Zikomo kwambiri."

"Yathyoka?"

"Ayi."

"Ili ndi nsikidzi?"

"Ayi."

"Mwagula ina?"

"Ayi."

"Tsono muzikhala pati?"

A Babu anayang'ana zala zakumapazi kwawo.

"Achimwene, ndakulakwirani chiyani ine? Ngati ndi thalauza lija ndinalifupikitsa mwendo umodzi, ndinakuuzani kuti munaima mopendekeka poyeza. Tiyeni tikambirane. Ine ndi inu tadyera mbale imodzi. Mwana wanga atadwala munamunyamula ndi inu kupita naye kuchipatala. Lero mundibwezere mipando ngati ndine sitolo?"

Dazi la a Babu linayamba kuwala. "Sindingathe kunena," anatero.

"Ngakhale kwa ine?"

"Ngakhale kwa inu."

A Telala analowa m'nyumba mwaukali, natuluka ndi ambulera yothyoka nthiti zitatu. "Ndiye tengani ambulera yanu! Aliyense akhale ndi zake!" A Babu sankakumbukira n'komwe kuti anakhalapo ndi ambulera, koma anailandira ndi manja awiri.

Ntchito yobwezayi inakula ngati moto wa m'tchire. Ukanyamula chinthu chimodzi, kunsi kwake umapeza china cha eni ake. Tebulo ndi makwerero zinali za bambo wopenta nyumba wa kumapeto kwa msewu, makwerero omwewo amene a Babu ankapita nawo kuntchito. Makatani, galasi loyang'anira nkhope, simbi ndi ketulo zinali za mayi a pasaluni. Makapu anali a anthu atatu osiyanasiyana. Poto wamkulu anali wawo, koma chivundikiro chake ayi. Pa wotchi yapakhoma anakangana kwa kanthawi, mpaka anagwirizana kuti wotchiyo ndi yawo koma mabatire ndi obwereka, ndiye anaisiya ili chiimire pa nthawi imene anaichotsa mabatirewo.

"Nanga inu alamu," anatero a Babu akupukuta thukuta, "tikakubwezeni kwa ndani?"

"Ine ndine wachibale, alamu. Chibale ndi fupa."

"Fupa lake lotsamwitsa," anatero achemwali ake, akupinda katani yomaliza.

Dzuwa lisanalowe, eni katundu anakumana pa saluni, aliyense atanyamula chodandaula chake. A Telala ankangobwereza nkhani ya mipando yawo. Wopenta nyumba ankati tebulo alibe poliika, poti pamalo pake anaikapo kale kabati wobwereka kwa munthu wina. Mayi a pasaluni, amene ankadziwa nkhani za msewu wonse chifukwa mutu ukamalukidwa pakamwa pamamasuka, anamvetsera onsewo kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Amuna inu simuganiza. Si ngongole ya chibokosi cha mazira ija? Akampani akubwera kudzalanda katundu. Munthu uja akupulumutsa zinthu zathu kuti zisatengedwe limodzi. Ndipo manyazi amugwira, n'chifukwa chake sakunena."

A Telala anakhala pa umodzi mwa mipando yawo, umene anabwera nawo ngati umboni. Misozi inalengeza m'maso. "Ndipo ine ndamuponyera ambulera," anatero. "Munthu wa Mulungu ngati ameneyu."

Anapangana pomwepo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Wakampaniyo akadzafika, aliyense adzanene mawu amodzi: a Babu alibe kanthu, ndipo palibe choti alande.

M'mawa mwake, a Telala atangotsegula mashini, pa msewu panatulukira mayi wina wachikulire, wovala nsapato zafulati ndi jekete yotuwa, chikwama chili m'khwapa. Ankayenda mogwira m'chiuno ngati munthu amene msana umamuvuta. Anaima pakhonde paja.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndikufuna kwa bambo wina wa zamagetsi, amamutcha Babu."

A Telala anayang'ana chikwama, anayang'ana jekete, natsokomola mokweza kuti a pasaluni amve.

"Mwabwera mochedwa, mayi. Munthu ameneyo alibe kanthu. Ngakhale mpando."

"Alibe mpando?"

"Ngakhale supuni," anatero mayi a pasaluni, atatulukira ndi chipeso m'manja. "Ndi mmphawi wotheratu. Timachita kumudyetsa ndife."

"Ngongole zake ndi zambirimbiri," anawonjezera wopenta nyumba, amene anafika akuthamanga ndipo ankafuna kuthandiza. "Mukafuna kulanda, muime pamzere. Kutsogolo kwanu kuli anthu ambiri."

Mayi uja anatsegula chikwama, natulutsa cholembera, nalemba kanthu. Anthu atatu aja anayang'anana mokhutira. Ntchito inali itayenda bwino.

A Babu anamulandira mlendoyo atavala malaya oyera osasita, poti simbi inali itapita. "Lowani, mayi," anatero, ndipo mawuwo anabwereranso kuchokera ku makoma. Pabalaza panali pululu. Pakona panali ambulera yothyoka, pakhoma wotchi yakufa, ndipo pakatikati panali makina oswetsera mazira, atapukutidwa mpaka kunyezimira. Mlamu anali atawalumikiza ku magetsi mbandakucha kuti mlendo aone kuti bizinesi ili moyo. Mkati munalibe dzira ngakhale limodzi.

"Ndikhale pati?" anafunsa amayi ofufuzawo.

Onse anayang'ana uku ndi uku ngati mpando ungamere. Kenako mayi a m'nyumba anayala nsalu pamwamba pa makinawo. "Khalani apa, mayi. Ichi chokha ndiye chathu."

"Chathu pang'ono," anakonza a Babu, poti sankafuna kunama.

Mlendo anakhala. Eni nyumba anakhala pansi, atatambalala miyendo. Tiyi anabwera m'kapu imodzi yokha imene inatsala, yopanda chogwirira, ndipo madzi ake anali atawiritsidwa mu poto wosavundikira. Mayiyo anamwako pang'ono n'kuyamba kuyendetsa maso. Pansi panali timabowo ta miyendo ya mipando ndi tebulo. Pakhoma panali malo oyera pamene panali galasi. Pazenera panali misomali yopanda makatani, ndipo kuseri kwa zeneralo kunali mitu itatu imene inabisala mochedwa.

"Bambo," anatero mayiyo modekha, "pempho lanu ndaliwerenga. Munanena za ngongole imodzi. Tsono ndiuzeni zoona. Katundu wa m'nyumba muno analandidwa liti, ndipo analanda ndani?"

"Sanalandidwe, mayi."

"Anthu panjapa akuti mulibe ngakhale supuni. Akuti okutsatani ngongole achita kuima pamzere."

Dazi la a Babu linayaka. Penshoni yawo anaiona ikutuluka pazenera lopanda katani. Akazi awo anatembenukira kwa mlongo wawo ndi diso limene linkanena kuti, iwe, ukatha apa udziwanso.

Asanayankhe aliyense, chitseko chinatseguka. Analowa a Telala atanyamula mutu wa mashini awo osokera, akupuma wefuwefu, enawo ali pambuyo.

"Mayi, tengani awa!" anatero, nawatsitsa pamapazi pa mlendo. "Ndi akale koma amasoka. Munthuyu musiyeni. Kampani yanu siigwa chifukwa cha mazira."

"Kampani yanji?"

"Si ndinu odzalanda katundu?"

"Ine ndachokera kuntchito kwawo. Ndabwera kudzaona ngati ali munthu woti boma lingamukhulupirire pa ntchito ina yofunika."

Wopenta nyumba anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anagunda khoma. "Za mzere zija," anatero, "ndimangocheza."

"Supuni ali nazo," anatero mayi a pasaluni. "Zambiri. Zina ndi zanga, koma ali nazo."

Apa mayi a m'nyumba analephera kupirira. Anafotokoza zonse kuyambira pa kukhosomola kawiri, za chingwe m'khosi, za nzeru ya mlongo wawo, mpaka mabatire a wotchi. Amayi ofufuza anamvetsera atagwira kapu ndi manja awiri. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaika kapuyo pansi kuti tiyi angatayike.

"Ndiye munabweza mipando kuopa kuti a Telala angakufunseni zinsinsi za boma?"

"Ine?" anatero a Telala. "Ndizitani nazo zinsinsi za boma? Zili ndi mabatani?"

"Nanga anzanuwa simunawauze chifukwa chake?"

"Munati tisalengeze," anatero a Babu.

"Tinati musapite nazo ku wailesi, bambo. Sitinati mukhale pansi."

"Mayi, munthu uyu ndi mwala," anadandaula a Telala. "Dzulo ndamuchonderera. Ndamukumbutsa za mwana wanga, za mbale imene tadyera limodzi, ndatsala pang'ono kulira pamaso pa mlamu wake. Iye akuti, 'Sindingathe kunena.' Kwa ine! Ndamuponyera ambulera, iye n'kulandira ndi manja awiri, pakamwa ali tseke. Munthu wotani ameneyu?"

Mayiyo anasiya kuseka. Anawayang'ana a Babu kwa kanthawi, natenga cholembera, nalemba mizere ingapo. Kenako anasuntha pang'ono pamene anakhalapo, ngati munthu amene wapeza malo abwino.

"Tamverani, bambo. Mipando ya anzanu ife tilibe nayo ntchito. Ndipo kukhala ndi ngongole si mlandu. Ine amene firiji yanga sindinamalize kulipira. Amene timamuopa ndi munthu wobisa ngongole, kapena woithawa, woti akaona nambala ya kampani amazimitsa foni. Ameneyo ndiye wina akhoza kumugula. Inu simunabise, ndipo theka lanu mwakhala mukulipira. Koma miyezi iwiri yotsalira ija ilipo, ndipo ili m'dzina lanu. Sindingalembe kuti zonse zili bwino pamene kampani ikunena kuti muli m'mbuyo. Mukaikonze mwezi uno usanathe, mundibweretsere umboni. Apo ayi, manja anga ndi omangika."

"Ndikubwerekani ine!" anatero a Telala.

"Inenso!" anatero wopenta nyumba, pofuna kufafaniza za mzere zija.

"Ayi," anatero mayiyo. "Kukongola kuti ubweze ngongole ndi kukumba dzenje kuti ukwirire dzenje. Zimenezo ndiye timaziopa kwambiri."

Chiwongoladzanja analowa pakhomo mwamatama, nazungulira mashini a a Telala, najompha chikwama cha mlendo kawiri.

"Koma ndifunse," anatero amayi ofufuza, "mpando uwu bwanji ukufunda chonchi? Msana wanga wakhala ukundipweteka chiyambire mwezi watha, koma pano ndikumva ngati ndabadwanso."

"Ndi makina apamwamba, mayi," anatero mlamu, akudzutsa mutu koyamba. "Amatentha mofanana mbali zonse. Mazira okha ndiwo anali olakwika."

Mayi a pasaluni anayandikira, natsegula kachitseko kagalasi, nalowetsa dzanja. Analisiya momwemo nthawi yaitali, maso ali m'mwamba.

"Matawulo," anatero. "Ku saluni za m'tauni amakuika thawulo lofunda kumutu, mtengo n'kukwera pomwepo. Ine ndimachita kuwayanika pa chingwe, mvula ikagwa makasitomala amalandira onyowa. Abambo, chibokosichi mugulitsa?"

"Imeneyo ndi bizinesi yanga!" anatero mlamu.

"Bizinesi yako ndi iyo ikujompha chikwama cha alendo," anatero achemwali ake. "Gulani, asisi. Koma kugula, osati kubwereka."

"Kugula ndithu. Ndipo ndalama ndipereka lero, ndisanasinthe maganizo."

Anakambirana mtengo chapansipansi pakona ya ambulera, ndipo unakwana kutseka miyezi iwiri ija n'kutsalako pang'ono. Za theka la mlamu la miyezi ya m'tsogolo anazikonza ndi wopenta nyumba. Wopentayo anati akufuna munthu womugwirira makwerero ndi kutsuka mabulashi, ndipo malipiro a mlamuyo azipereka m'manja mwa achemwali ake. Mlamu anati utoto umamuyambitsa mutu. Achemwali ake anati njala imayambitsa mutu woposa pamenepo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Amayi ofufuza anaimirira monyinyirika, akusisita pamwamba pa makinawo. "Ndikanagula ine," anatero, "koma zikanatchedwa dzina lina." Anatseka chikwama n'kulunjika kukhomo, tambala akuwaperekeza.

A Babu anawatsatira mpaka panja. "Mayi, pepani. Mwalembamo chiyani?"

"Chimenecho ndi chinsinsi, bambo. Inu mukudziwa bwino mmene timasungira." Anayenda pang'ono, kenako anatembenuka. "Risiti ija ikandipeze pa desiki. Ndipo mukapite ku sitolo ya kuntchito mukasainiretu babu latsopano. Kalaliki uja akutimvetsa chisoni tonse. Sabata yatha anandiphethira pa msonkhano, ndinatsala pang'ono kukamunenera."

Masana a tsiku limenelo a Babu anapita ku kampani ija atabwerekanso simbi, nabwerako risiti ili m'thumba la malaya, ataimanga ndi pini kuti ingauluke. Anapeza makatani abwerera pazenera, ketulo ili pamoto, tebulo lili pamalo pake penipeni, miyendo yake italowa m'timabowo take. Mipando yokha ndiyo panalibe.

"Pitani nokha," anatero akazi awo. "Munabweza ndinu."

Anawoloka msewu atanyamula ambulera yothyoka ija. A Telala anali akupalasa mashini ndipo sanadzutse mutu.

"Odi, achimwene. Ndabwera kudzabwereka mipando."

"Muli ndi alendo?"

"Ayi."

"Mubweza liti?"

A Babu anaganiza kaye. "Sindikudziwa."

"Eya, tsopano mwayankha ngati munthu." A Telala anaimirira, nalandira ambulera ija n'kuikoleka pamsomali pake. Kenako anatulutsa mipando iwiri.

"Inali inayi," anatero a Babu.

"Inayo mudzatenge tsiku lina, umodziumodzi. Ndikufuna ndizikuonani pakhonde pano."

Tiyi wa madzulo anamwa atakhala pa mipando iwiriyo, bambo uku, mayi uku. Mlamu anamwa ali chiimire atatsamira khoma, utoto wobiriwira uli m'tsitsi ndi kukhutu. Tsidya la msewu kunkamveka mayi a pasaluni akuitana anthu odutsa kuti adzakhudze thawulo.

A Babu anakhosomola. Akazi awo anaimitsa ketulo m'mwamba, mlamu anagwiritsa kapu yake, onse akudikira kwachiwiri.

"Ndi chifuwa chabe," anatero a Babu. "Tandipatsirani shuga."

"Watha," anatero akazi awo, natembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, tenga kapu upite kwa a pasaluni."